Osamu Tezuka: dokotala amene anasankha kujambula

Ambiri a ife makolo timadabwa ana athu akabwera kuchokera ku laibulale atanyamula timabuku ta zithunzi towerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Timabuku timeneti n'ta ku Japan ndipo timatchedwa manga, pomwe makatuni ake amatchedwa anime. Kuti timvetse chimene chawakopa anawa, ndi bwino tidziwe mbiri ya Osamu Tezuka.

Tezuka anabadwa pa 3 Novembala 1928 ku Toyonaka, pafupi ndi Osaka, ndipo anakulira m'tauni ya Takarazuka. Mayi ake ankapita naye kukaonera zisudzo za Takarazuka Revue, gulu la akazi okhaokha, pamene bambo ake ankamuonetsa makatuni a Disney kunyumba. Ankakondanso kutolera tizilombo, moti anawonjezera chilembo chotanthauza kachilombo pa dzina limene ankasainira zojambula zake.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anatumizidwa kukagwira ntchito m'fakitale, ndipo mu 1945 anaona ndi maso ake mabomba akupsereza mzinda wa Osaka. Zimenezi sizinamuchoke m'mutu, n'chifukwa chake mabuku ake ambiri amadzudzula nkhondo.

Chaka chomwecho anayamba maphunziro a udokotala, koma kujambula sanasiye. Mu 1946, ali ndi zaka 17, nyuzipepala ina ya ana inayamba kusindikiza zojambula zake. Mu 1947 buku la Shin Takarajima linamutchukitsa chifukwa zithunzi zake zinkatsatizana ngati filimu. Atasowa chosankha pakati pa ntchito ziwirizi, mayi ake anamulangiza kutsata imene ankaikonda kwambiri. Chiphaso cha udokotala anachipeza ndithu, koma moyo wake anaupereka ku manga.

Mu 1950 anayamba nkhani ya mkango woyera wa ku Africa, imene inadziwika kunja ngati Kimba the White Lion. Mu 1952 kunabwera Astro Boy, loboti yooneka ngati kamnyamata, ndipo mu 1953 Princess Knight, nkhani ya atsikana. Si makolo onse anasangalala: cha m'ma 1955, magulu ena a makolo ndi aphunzitsi ankatentha manga ponena kuti akuwononga ana.

Mu 1961 anakhazikitsa kampani ya Mushi Production, ndipo pa 1 Januwale 1963 Astro Boy anayamba kuonetsedwa pa Fuji TV. Chaka chomwecho anafikanso ku America. Kuti akwanitse gawo limodzi sabata iliyonse, Tezuka anachepetsa chiwerengero cha zithunzi n'kumagulitsa makatuniwo motchipa. Ena amamuimba mlandu kuti njirayi inazika malipiro otsika amene ojambula anime akudandaula nawo mpaka lero. Kampaniyo inagwa ndi ngongole mu 1973.

Anthu ankati watha, koma chaka chomwecho anayamba Black Jack, nkhani ya dokotala wa opaleshoni wopanda chiphaso, momwe maphunziro ake aja anagwira ntchito. Analembanso Buddha, kuyambira 1972 mpaka 1983, ndi Phoenix, imene sanaimalize. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba ku Tokyo pa 9 Febuluwale 1989, ali ndi zaka 60, atajambula masamba oposa 150,000. Mu 1994 ku Takarazuka anatsegula nyumba yosungiramo ntchito zake.

Pali zinthu ziwiri zoti ife a ku Africa tizidziwe. Choyamba, m'mabuku ena Tezuka anajambula anthu akuda mokokomeza maonekedwe awo, monga ankachitira ojambula ambiri a nthawiyo. Anthu atadandaula iye atamwalira kale, osindikiza anayamba kuikamo mawu ofotokoza za nkhaniyi. Mwana akakumana ndi chithunzi chotere, tisangokhala chete, tikambirane naye. Chachiwiri, si manga onse amene ndi a ana. Mabuku a Tezuka monga Ayako ndi MW ndi a akuluakulu. Osindikiza ambiri a Chingerezi amalemba pachikuto msinkhu woyenera, ndipo ogwira ntchito ku laibulale amathandiza tikawafunsa.

Ana athu, inunso onani kuti Tezuka anamaliza sukulu yake uku akujambula, ndipo sukuluyo ndi imene inabala Black Jack. Ngati simunawerengepo buku lake, yambani ndi Astro Boy, ndipo muwaonetse amayi ndi abambo anu mbali imene amayambira kuwerenga.