David Bruce ndi Nthenda ya Kaodzera

Zaka zoposa 100 zapitazo, m'midzi ya m'chigwa cha kunyanja, kumunsi kwa mapiri a Dowa, munagwa nthenda yodabwitsa. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa. Pambuyo pake khalidwe lake linkasintha. Wofatsa ankasanduka waukali, wolimbika ntchito ankangokhala ndwii. Usana ankaodzera, usiku tulo osabwera, ndipo patapita miyezi yochepa ankamwalira. Nthendayi ndi kaodzera. Mmodzi wa anthu amene anathandiza kudziŵa chiyambi chake ndi David Bruce.

Bruce anabadwa m'chaka cha 1855 mumzinda wa Melbourne ku Australia, koma anakulira ku Scotland, kwawo kwa makolo ake. Ali mnyamata ankakonda kuyenda m'tchire kuona mbalame. Anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 1883 anakwatira Mary Steele. Aŵiriŵa ankagwira ntchito limodzi moyo wawo wonse. Mary ndiye ankakonza magazi oti apimidwe ndi kujambula tizilombo timene ankationa pa makina okuza zinthu zing'onozing'ono.

Mu 1894 Bruce anatumidwa ku Zululand, ku South Africa, kumene ng'ombe zinkafa ndi nthenda yotchedwa nagana. M'magazi a ng'ombezo anapezamo tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo anatsimikiza kuti timafalitsidwa ndi kashembe. Mu 1903 anapita ku Uganda, kumene kaodzera anapha anthu miyandamiyanda. Kumeneko dokotala wina, Aldo Castellani, anali ataona tizilombo ta mtundu womwewo m'madzi a m'msana a odwala, madzi amene amazungulira ubongo. Bruce ndi anzake anaonetsa kuti tizilomboto ndito timayambitsa kaodzera, ndi kuti kashembe ndiye amatiloŵetsa mwa munthu pomuluma.

Apa chinsinsi chinaululika. Ubongo ndiwo umalamulira thupi lonse. Umatiuza nthaŵi yogona ndi yodzuka, umayendetsa miyendo ndi lilime, umasunga zimene taphunzira, ndiponso umaugwira mtima tikapsa mtima. Tizilombo ta kaodzera tikachoka m'magazi n'kuloŵa mu ubongo, ntchito zonsezi zimasokonezeka. Choncho wodwala uja sanali waulesi kapena wamwano. Ubongo wake ndiwo unkadwala.

Kuyambira 1912 mpaka 1914 Bruce ndi Mary anakhala m'dziko lathu lino, limene panthaŵiyo linkatchedwa Nyasaland. Anamanga msasa paphiri la Kasu, m'dera la Dowa, moyang'anana ndi chigwa chija. Anapima kashembe wambiri ndiponso magazi a nyama zakutchire. Anapeza kuti nyama monga mphoyo ndi agwape zimasunga tizilomboto m'magazi mwawo ngakhale zikuoneka zathanzi. Kashembe akaluma nyama yotere, kenaka n'kuluma munthu, amamupatsa nthenda.

Mary anamwalira ku London mu 1931, ndipo patangopita masiku anayi Bruce nayenso anatsikira kulichete.

Kaodzera sanatheretu m'Malaŵi. Amapezekabe m'midzi yoyandikana ndi nkhalango zosungiramo nyama za Vwaza, Kasungu ndi Nkhotakota. Nkhalango ya Nkhotakota inachita malire ndi boma la Ntchisi. Komabe lero mankhwala alipo, ndipo wofika msanga kuchipatala amachira. Tsono tikaona mnzathu wasintha khalidwe, akungoodzera usana kapena akuyankhula zosamveka, tisamuseke kapena kumunena kuti walodzedwa. Tiuze akuluakulu kuti apite naye kuchipatala.

Mafunso

1. Tchulani zizindikiro zitatu za kaodzera.
2. Kodi Mary ankagwira ntchito yanji?
3. Fotokozani ntchito zinayi za ubongo.
4. Nanga Bruce anapeza chiyani ali paphiri la Kasu?