David Hume: Kodi cabwino ndi coipa timacidziwa bwanji?

Pamene akuluakulu pabwalo agamula kuti uje walakwa, kodi akunena cinthu cotsimikizika monga kuwerenga mbuzi m'khola, kapena akungonena zimene mtima wao wamva? Funso limeneli ndilo linachukitsa a David Hume.

A Hume anabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland m'caka ca 1711. Atate ao anamwalira iwo ali ndi zaka ziwiri, ndipo analeredwa ndi amai ao. Abale anafuna kuti akhale loya, koma iwo mtima unali pa kufufuza maganizo a munthu.

Buku lao loyamba, A Treatise of Human Nature, linatuluka mu 1739 ndi 1740, koma silinayende malonda. M'bukumo anati kudziwa mmene zinthu ziliri sikukwanira kutiuza mmene ziyenera kukhalira. Anapereka citsanzo ca kamtengo kophuka pansi pa mtengo umene unakabala, kenaka n'kukula mpaka kuupha. Palibe amakaimba mlandu, koma mwana wopha kholo lake tonse timanyansidwa naye. Kwa iwo, ciweruzo cotere cimacokera mumtima womvera ena cifundo, osati m'nzeru zokha. Pambuyo pake anaonjezera kuti munthu asanaweruze ayenera kudziwa nkhani yonse, ndipo asakondere.

Maganizo ao anawataitsa mwai. Mu 1745 anawamana nchito yophunzitsa pa yunivesite ya Edinburgh kamba kowaganizira kuti sakhulupirira Mulungu. Ndalama anadzazipeza ndi mabuku 6 a mbiri ya England.

Koma mu 1753 a Hume analemba kuti anthu akuda ndi ocepekera nzeru mwacibadwa poyerekeza ndi azungu. Mu 1770 mphunzitsi wa ku Aberdeen, James Beattie, anawatsutsa poyera kuti analibe umboni wokwanira wonenera zotere. A Hume anangosinthako mau pang'ono, osawafafaniza, mpaka anamwalira pa 25 August 1776. Mu 2020 yunivesite ya Edinburgh inacotsa dzina lao panyumba ina yaitali kamba ka mau omwewo.

Apa mpamene funso lathu lipeza yankho. Ngakhale ciweruzo cicokere mumtima, mtima wodyetsedwa bodza umaweruza mokhota, ndipo umboni ungathe kuuwongola. A Hume anaphwanya lamulo lao lomwe, poweruza anthu amene sanawadziwe. Amene timakangana za ndale ndi makhalidwe tiyambe tafunsana umboni tisanalozane zala.