Shoma Morita

Shoma Morita (1874–1938) anali dokotala wa matenda a maganizo wa ku Japan. Anabadwira m'chigawo cha Kochi, anaphunzira udokotala ku Tokyo, ndipo anaphunzitsa pasukulu ya udokotala ya Jikei.

Ali mnyamata ankavutika ndi nkhawa. Cha m'ma 1919 anakhazikitsa njira yothandizira odwala nkhawa yogwirizana ndi chiphunzitso cha Zen, nthambi ya Chibuda. Ankaphunzitsa kuti kulimbana ndi mantha kumangowakulitsa, choncho munthu awavomereze mmene alili n'kumachitabe zoyenera kuchita.

Wodwala ankayamba ndi kugona payekha pafupifupi sabata imodzi, kenako ankagwira ntchito zopepuka, pambuyo pake zolemetsa, mpaka kubwerera ku moyo wamasiku onse. Njirayi imadziwika ndi dzina lake ndipo ikugwiritsidwabe ntchito ku Japan ndi ku China.