Yosefe Mwana wa Yakobe: Dzina Lobadwa m'Pemphero la Rakele

Akatekisi athu akamalemba maina a ana okabatizidwa m'miphakati ya ku Chamama ndi madera ena a boma la Kasungu, dzina la Yosefe silisowa. Makolo ambiri polisankha amaganiza za Yosefe Woyera, mwamuna wa Maria Virgo, koma dzinali ndi lakale kwambiri kuposa mmisiri wa ku Nazarete uja. Woyamba kulitenga m'Malembo Oyera ndi mwana wa Yakobe, ndipo wotcha dzinalo anali mayi wake, Rakele.

Rakele anakhala zaka zambiri m'banja osaona mwana, pamene mkulu wake Leya, yemwenso anali mkazi mnzake, ankangobereka. Amayi athu akudziwa kulemera kwa chitonzo chotere. Mwana atabadwa ku Harani, kwa agogo ake a Labani, Rakele anam'patsa dzina limene buku la Genesis pa mutu 30 limalimasulira pawiri, ndi mawu awiri a Chihebri omveka mofanana. Loyamba ndi asaf, kutanthauza kuchotsa, popeza Mulungu anali atam'chotsera manyazi. Lachiwiri ndi yasaf, kutanthauza kuwonjezera, popeza iye anapempha Ambuye kuti am'patsenso mwana wina wamwamuna. Mawu achiwiriwa ndiwo tsinde lenileni la dzinali: Yosef ndi pempho lakuti Mulungu awonjezere. Kukanakhala kuno kwathu, tikanati mwanayo ndi Onjezani.

Pempholo linayankhidwa, koma mowawa. Rakele anabereka Benjamini panjira yopita ku Efurata, ndipo anamwalira pa uchembere womwewo.

Kuyambira apo, moyo wa Yosefe unaoneka ngati wotsutsana ndi dzina lake, chifukwa ankangolandidwa. Ali ndi zaka 17, abale ake, podana naye chifukwa cha maloto ake ndi tsankho la bambo wawo, anam'vula mkanjo ku Dotani n'kumugulitsa ndi masiliva 20 kwa amalonda opita ku Ejipito. Kumeneko anakhala kapolo wa Potifara, ndipo mkazi wa mbuye wakeyo atam'namizira, anaponyedwa m'ndende. Anali ndi zaka 30 pamene anamasulira maloto a Farao onena za zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu zambiri ndi zina zisanu ndi ziwiri za njala. Uphungu wake unali wosavuta kumva: kupatula gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zabwino ndi kulisunga m'nkhokwe. Farao anam'patsa udindo woyang'anira ntchitoyo, dzina lachiejipito lakuti Zafenati-Panea, ndi mkazi, Asenati, amene anam'berekera Manase ndi Efuremu. Dzina la Efuremu limanena za kubereka zipatso, ngati kuti likubwereza pemphero la agogo ake.

Gawo ili la nkhokwe sitingaliwerenge ngati nthano ife a ku Kasungu. Mu 2002 njala inavuta kwambiri boma lino, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa mu 2000 ndi 2001. Anthu ankaima mizere yaitali pa msika wa ADMARC ku Chamama, ena n'kubwerera ndi matumba opanda kanthu kukadya gaga ndi zitsa za nthochi. Fodya wa m'zigafa sanaphikike.

Komabe tisam'jambule Yosefe ngati munthu wopanda mbali yovuta. Mutu 47 umasimba kuti njala itakula, iye anagulitsa tirigu kwa Aejipito mpaka ndalama zawo zinatha, kenako anatenga ziweto, pomaliza minda yomwe, zonse n'kukhala za Farao. Eni nthaka anasanduka olima m'minda ya mwini, opereka gawo lachisanu la zokolola. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya akuimva bwino nkhaniyi, ndipo ife tikuganiza kuti akatekisi asamaidumphe pophunzitsa.

Njala yomweyo inakokera abale ake ku Ejipito. Atawayesa kangapo, Yosefe anadziulula akulira, nawakhululukira, n'kuitanitsa Yakobe ndi banja lonse, anthu 70, kudzakhala ku Goseni. Kumeneko banjalo linachulukana mpaka kukhala mtundu, ndipo ana ake awiri aja anawerengedwa ngati mafuko awiri a Israele, pamene abale ake anali ndi fuko limodzilimodzi.

Yosefe anamwalira ali ndi zaka 110, atalumbiritsa abale ake kuti asadzasiye mafupa ake ku Ejipito. Mose anawanyamula pa ulendo wotuluka, ndipo anaikidwa ku Sekemu. Dzinalo linapitirira pakati pa Ayuda mpaka kufika kwa Yosefe wa ku Nazarete, amene Papa Pius IX mu 1870 anam'lengeza kukhala nkhoswe ya Eklezia yonse, ndipo timam'kumbukira pa 19 Malichi ndi pa 1 Meyi.