Robert Bakewell, Mlimi Amene Ankasunga Mbewu ya Nkhosa

Ambiri a ife tinafika pa koleji pano chifukwa cha mbuzi. Fizi ikavuta, makolo athu ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula amalowa m'khola n'kugwira tonde wamkulu, popeza ndiye amapeza mtengo wabwino. Wotsala kuti akwere mbuzi zazikazi amakhala kamtonde kofooka. Zaka zikamapita timadabwa kuti mbuzi zathu zikucheperachepera msinkhu. Vuto lotereli linamusowetsa tulo mlimi wina wa ku England zaka zoposa 250 zapitazo.

Robert Bakewell anabadwa mu 1725 ku Dishley, pafupi ndi tauni ya Loughborough. Munda umene banja lake linkalima unali wobwereka. Ali mnyamata anayenda m'madera ambiri kuona mmene anzake akuwetera, ndipo cha m'ma 1760 anayamba kuyendetsa yekha famuyo.

Masiku amenewo nkhosa zazimuna ndi zazikazi zinkadyera pamodzi n'kumakwerana mwachisawawa, monga zimachitira mbuzi zathu dzinja likatha. Bakewell anazilekanitsa. Iye ndiye ankasankha yamphongo yoti ikumane ndi yaikazi, ndipo ankayang'anitsitsa ana obadwawo: akukula msanga bwanji, adya zochuluka bwanji, mnofu uli pati. Ankasunga ngakhale mafupa ndi nthuli za nyama zoviika mumchere kuti aziyerekeza mbadwo wina ndi unzake. Khalidwe limene walifuna likaoneka, ankakweretsa nkhosa zapachibale kuti likhazikike.

Mwa njira imeneyi anatulutsa mtundu wa nkhosa za ubweya wautali wotchedwa New Leicester, za mafupa ang'onoang'ono koma zonenepa msanga. Anachitanso chimodzimodzi ndi ng'ombe za Longhorn ndi akavalo okoka katundu. Alendo obwera ku Dishley ankagoma ndi kufatsa kwa ziweto zake, chifukwa sankalola kuti zizichitidwa nkhanza.

Nzeru yake ina inali yobwereketsa nkhosa zamphongo kwa nyengo imodzi m'malo mozigulitsa. Potero mbewu inkakhalabe yake, komanso ankaona ana a nkhosa iliyonse m'makola osiyanasiyana n'kudziwa yabwino kwenikweni. Poyamba ankalandira masheleni 16 okha pa nkhosa imodzi. Pofika 1789, nkhosa zitatu zinamubweretsera ndalama zagolide zotchedwa guinea zokwana 1,200, pamene guinea imodzi inali masheleni 21.

Komabe sizinali zokoma zokhazokha. Mu 1776 anagwa m'ngongole zosatha kubweza. Kukweretsa zapachibale nakonso kunali ndi mtengo wake: nkhosa zake zinayamba kuchulukitsa mafuta ndi kuchepa mphamvu zobereka. Ng'ombe za Longhorn zinapitiriridwa ndi za Shorthorn iye atangomwalira. Anatisiya mu 1795 asanakwatirepo, kutatsala zaka 71 kuti Gregor Mendel asindikize zimene anapeza pa nsawawa, zofotokoza mmene ana amatengera makolo. Bakewell anagwira ntchito yonseyi ndi maso, manja ndi kuleza mtima basi.

Ku Machinga ndi ku Balaka sitiwetera ubweya. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumafuna mbuzi ndi nkhosa zathu zachikuda, zopirira chilala ndi matenda. Koma phunziro ndi lomwelo. Tonde wabwino koposa ndi mbewu, ndipo mbewu sitidya. Ofooka tiwafule, tiwanenepetse, ndiwo apite kumsika. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri tisinthane atonde ndi a mudzi wina, kuti tate asakwere mwana wake, pakuti apa ndi pamene Bakewell anapunthwa. Tilembenso m'kope mbuzi imene imabereka mapasa ndi kuwalera onse.

Tikapita kutchuthi, tisanapemphe fizi ya teremu yamawa, tiyambe takhala pansi ndi makolo n'kugwirizana mbuzi imene siyenera kutuluka m'khola.