Maria Martinez, mayi amene anadetsa mbiya za San Ildefonso

Pamene Maria Martinez ankamwalira mu 1980, mbiya zake zakuda zinali zitafika kale m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku America ndi ku Ulaya. Iye anabadwira ndi kukalambira m'mudzi wa San Ildefonso, chakumpoto kwa mzinda wa Santa Fe ku New Mexico, pakati pa anthu a mtundu wa Pueblo olankhula Tewa. Luso loumba analiphunzira ali mtsikana kwa azakhali ake, Nicolasa, panthawi imene ziwiya zachitsulo za m'sitolo zinkalanda malo a mbiya m'makomo.

Mu 1904 anakwatiwa ndi Julian Martinez. Mu 1908 Julian anagwira ntchito kumalo kumene katswiri wofukula zakale, Edgar Lee Hewett, ankakumba midzi ya makolo awo, ndipo mapale amene ankatuluka m'nthaka anakopa banjali kuyesa maumbidwe akale. Cha m'ma 1919 anatulukira chimene chinawatchukitsa: mbiya yakuda yonyezimira, yokhala ndi zojambula zakudanso koma zosawala.

Ntchitoyi inali ya manja okhaokha. Maria ankasakaniza dongo ndi phulusa la mapiri ophulika, nkumasanjikiza mizere ya dongolo, kupala ndi chibenthu cha chikho, kupaka dothi lofiira lamadzimadzi, kenaka kukulungiza ndi mwala kufikira mbiya itawala. Julian ankajambulapo ndi kaburashi ka tsamba la yucca, kawirikawiri nthenga kapena Avanyu, njoka ya m'madzi ya m'chikhulupiriro chawo. Kudako kunkachitika pamoto. Ukakolera, ankaufotsera ndi ndowe zouma zoperapera, utsi nkutsekeredwa m'kati, dothi lofiira lija nkusanduka bii.

Banjali likanatha kubisa njirayi, pakuti ogula anali atayamba kulimbirana. Silinatero. Linaiphunzitsa kwa anansi, ndipo mudzi umene unali utatheratu ndi umphawi ndi chimfine cha mu 1918 unapeza podalira. Ichi nchachikulu kuposa mamendulo onse amene Maria analandira.

Nkhani ya dzina njovutirapo. Kwawoko mbiya sinkalembedwa dzina la mwini, popeza inkadutsa m'manja ambiri. Koma msika wa azungu unkafuna dzina, choncho m'ma 1920 Maria anayamba kulemba lake kunsi kwa mbiya, poyamba ngati Marie, kenaka pamodzi ndi la Julian. Mwamunayo atamwalira mu 1943, ntchito yojambula inapita kwa mpongozi wake Santana, ndipo kuyambira mu 1956 kwa mwana wake Popovi Da, amene anatsogola mu 1971, mayi ake akali moyo. Mdzukulu wake Tony Da anayamba kuloweka miyala ya turquoise m'mbiya, chinthu chimene agogo ake sankachita. Zidzukulu za banjali zikuumbabe ku San Ildefonso mpaka lero, ndipo zimaotchera panja.