Ely Culbertson: katakwe wa makadi

Boma latsopano la Russia litalanda chuma cha banja lake pambuyo pa kuukira kwa 1917, Ely Culbertson adatsala ndi chodyera chimodzi: makadi. Adakhala akutchova njuga ku Paris mpaka 1921 pomwe adapita ku America, kwawo kwa bambo ake.

Mkuluyu adabadwira ku Romania mu 1891. Ku New York adakumana ndi Josephine, mphunzitsi wa masewero a bridge, ndipo adakwatirana mu 1923. Ambiri amati patebulo mayiyu ndiye adali dolo. Bamboyo ankaposa pakamwa ndi pa malonda.

Mu 1929 adayambitsa magazini ya The Bridge World. Chaka chotsatira timu yake idakagonjetsa ya Walter Buller ku London pa duplicate bridge. M'masewero amtunduwu, makadi omwe mwasewera inu amaseweredwanso patebulo lina, kenako zotsatira zimayerekezeredwa. Apa palibe wonamizira tsoka, ndipo umu ndimo makalabu ambiri amasewerera.

Akatswiri anzake atagwirizana zoti amugwetse pamsika wa mabuku, iye adaputa Sidney Lenz. Mpikisanowo udayamba mu Disembala 1931, nyuzipepala zikulemba tsiku ndi tsiku, ndipo Culbertson adapambana ndi mapointi 8,980. Mabuku ake adayenda malonda kwabasi.

Koma ukwati udatha mu 1938. Kenako adasiya mipikisano n'kuyamba kulemba za mtendere wa dziko lonse, akulimbikitsa kuti bungwe la United Nations lipatsidwe mphamvu zoletsera nkhondo. Adamwalira ku Vermont mu Disembala 1955.